Kuwala kwa laser pa tsamba la chammwamba



Lero tikambirane za masamba a mankhwala. Mukayenda mu Saturday Market kapena pamsika wa Kapata kuno ku Chipata mumawapeza: timapaketi ta ufa wobiriwira wa chammwamba, masamba ouma a nimu ndi a gwafa, timitolo ta chanzi, makungwa a muwawani. Wogulitsa akuuzani kuti uwu umawonjezera magazi, uwu umatsitsa shuga, uwu umalimbitsa mafupa. Ambiri mwa ogulitsawa sanena bodza mwadala ayi, amanena zimene anamva kwa makolo awo kapena zimene anawerenga pa foni. Koma funso limene mayi wogula ali nalo mumtima ndi losavuta. M'supuni imodzi ya ufa umene ndikuthira m'phala la mwana wangamu muli chiyani, ndipo ndi chochuluka bwanji?

Pali njira yoyankhira mbali ina ya funso limeneli m'kanthawi kochepa, pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser. Akatswiri amaitcha LIBS. Ndikufuna timvetsetsane mmene imagwirira ntchito, zimene ingatiuze, komanso zimene singatiuze, chifukwa pa mbali yachiwiriyi ndi pamene anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amaterereka.

Tiyambire kukhitchini. Amayi, msuzi wa mchere ukasefukira n'kugwera pamoto, lawi limasanduka lachikasu chowala. Ana amene anaponyapo kawaya ka mkuwa pamoto anaona lawi lobiriwira. Zimenezi sizichitika mwangozi. Chinthu chilichonse chimene chimapanga dziko lapansi, kaya ndi sodiyamu wa mumchere, mkuwa, kashiamu kapena ayironi, chikatenthedwa kwambiri chimatulutsa kuwala kwa mtundu wakewake. Palibe ziwiri zofanana, monga mmene chidindo cha chala chanu pa chitupa sichingafanane ndi cha munthu wina. Amene anakhazikitsa bwino mfundo imeneyi ndi Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff, ku Heidelberg m'dziko la Germany, cha m'ma 1859 ndi 1860. Iwo ankadutsitsa kuwala kwa lawi m'galasi limene limakugawa ngati utawaleza, ndipo pamalo pena mu utawalezawo ankaona timizere towala. Pongoyang'ana timizereto anatulukira zinthu ziwiri zimene munthu anali asanazidziwe, cesium mu 1860 ndi rubidium mu 1861.

Vuto la lawi wamba ndi loti silitentha mokwanira kuti zinthu zonse ziwale. Laser imathetsa vutoli. Yoyamba inapangidwa ndi Theodore Maiman ku California mu 1960, ndipo pofika 1962 akatswiri anali atayamba kale kuiloza pa zinthu zolimba kuti aone kuwala kotuluka. Makina amasiku ano amatulutsa kuwala kwamphamvu kwa kanthawi kochepa zedi, timagawo towerengeka ta sekondi imodzi yogawidwa ka biliyoni. Kuwalako kumasonkhanitsidwa pa kadontho kochepa ngati nsonga ya singano. Pamalo pamenepo kanyenyeswa ka tsamba kamaphulika n'kusanduka mpweya woyaka, wotentha madigiri 10,000 kapena kuposerapo. Kumbukirani kuti pamwamba pa dzuwa penipenipo kutentha kwake ndi pafupifupi madigiri 5,500. M'moto wotere palibe chimene chimagwirana ndi chinzake, chilichonse chimamasuka n'kuwala pachokha. Kachingwe ka galasi kamatenga kuwalako kupita nako ku makina otchedwa spectrometer, ndipo kompyuta imajambula timizere. Sodiyamu amaoneka pa nambala 589, potaziyamu pa 766 ndi 770, kashiamu pa 393 ndi 397, maginiziyamu cha pa 280. Manambalawa ndi muyeso wa mtundu wa kuwala, ndipo sasintha, kaya muli ku Chipata kaya ku Tokyo. Mzere ukakhala wamphamvu, ndiye kuti chinthucho chilimo chambiri.

Ngati wina akukayika kuti njirayi ndi yodalirika, ayang'ane kumwamba. Galimoto ya NASA yotchedwa Curiosity, imene inatera pa Mars mu Ogasiti 2012, ili ndi chipangizo chotchedwa ChemCam chimene chimawombera laser pa miyala yotalikira mpaka mamita 7 n'kutumiza zotsatira kuno padziko. Inzake, Perseverance, inafika mu 2021 ndi chipangizo cha mtundu womwewo. Pansi pano, makina a LIBS ogwira m'manja akugwiritsidwa ntchito m'migodi pofufuza lithium, ndiponso ndi ogula zitsulo zakale pofuna kudziwa kuti chitsulo ichi n'chamtundu wanji.

Nanga pa masamba? Njira yakale, imene ma labotale ambiri amagwiritsabe ntchito, ndi kuumitsa tsamba, kulipera, kulisungunula mu asidi wamphamvu wotentha, kenaka n'kupima madziwo m'makina ena okwera mtengo. Njirayi ndi yolondola kwambiri, koma imadya nthawi, imafuna asidi ndi gasi zoitanitsa kunja, ndipo imasiya zinyalala zoopsa. Ndi laser, mumaumitsa tsamba, kulipera bwinobwino, kulipanikiza kuti likhale kambulu ngati piritsi, n'kuliwombera m'malo angapo. Palibe asidi. M'mphindi zochepa mwaona kashiamu, potaziyamu, maginiziyamu, ayironi, manganizi ndi zina, zonse pa nthawi imodzi. Ku Brazil, akatswiri a University of São Paulo ku Piracicaba anagwira ntchito yaikulu yopima masamba a nzimbe motere, kuti mlimi adziwe chakudya chimene mbewu yake ikusowa. Ku India, gulu la a A. K. Rai pa University of Allahabad linapima zomera zambiri za mankhwala, makamaka zimene anthu akumeneko amamwa akadwala shuga. Ndipo muno mu Africa simukusowa anthu a luso limeneli. Lilipo ku Cairo University, lilipo ku University of Nairobi, ndipo kuyambira 2003 pali African Laser Centre, imene likulu lake lili ku Pretoria, yolumikiza akatswiri a m'mayiko athu.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kuti nkhaniyi ndiibweretse kwa inu anthu a kuno kum'mawa kwa Zambia. Tsamba silipanga ayironi, silipanga zinki, silipanga kashiamu. Limatenga zimenezi m'nthaka kudzera m'mizu. Ngati m'nthaka mulibe, kapena zilimo koma zamangika moti mizu singazikoke, m'tsamba simukhalanso. Choncho mtengo wa chammwamba wa pa katondo wofiira wa m'mapiri a Chipata, wina wa m'mphepete mwa dambo, ndi wina wa m'chigwa cha Luangwa ku Mambwe, ungakhale mtundu umodzi, dzina limodzi, maonekedwe amodzi, koma michere yake yosiyana.

Umboni wa mfundo imeneyi suli kutali. Uli tsidya lina la malire, ku Malawi. Mu 2011 a Allan Chilimba ndi anzawo anaonetsa kuti chimanga cha m'madera ambiri a dzikolo chili ndi seleniyamu wochepa kwambiri, pamene cholimidwa pa dothi lakuda la makande, monga la m'chigwa cha Shire, chili naye wochuluka koposa. Mu 2021 magazini ya sayansi ya Nature inafalitsa kafukufuku wamkulu wa ku Malawi ndi ku Ethiopia, amene akatswiri a LUANAR ku Lilongwe anagwira pamodzi ndi a University of Nottingham ndi Rothamsted Research. Anatola mbewu m'minda ya alimi masauzande, ndipo anapeza kuti kashiamu, ayironi, zinki ndi seleniyamu wa m'mbewu amasiyana kwambiri malinga ndi dera. Mabanja awiri angadye nsima yofanana kukula, koma lina n'kupeza michere yokwanira, lina ayi, chifukwa cha malo pamene munda uli. Kafukufuku ameneyu sanagwiritse ntchito laser, koma watiphunzitsa chifukwa chake tifunika njira yopimira yofulumira ndi yotsika mtengo pa chitsanzo chilichonse. Simungapime mtengo umodzi ku Lusaka n'kulemba nambala yake pa mapaketi a dziko lonse. Choipa koposa ndi kukopera nambala ya ku India pa intaneti n'kuimata pa ufa wa ku Chadiza.

Nkhaniyi si yamasewera. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu muno mu Zambia ndi opinimbira, ndipo 58 pa 100 alionse ndi operewera magazi. Mayi amene akugula ufa wa chammwamba ndi ndalama yake yomaliza akulimbana ndi nambala zimenezi. Ayenera kuuzidwa zoona. Tiwerengere limodzi. Masamba ouma a chammwamba amakhala ndi kashiamu wozungulira magalamu 2 pa magalamu 100 alionse, ndipo imeneyi ndi nambala yabwino ndithu. Koma supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula ufa wokwana pafupifupi magalamu 2 okha, kutanthauza mamiligalamu 40 a kashiamu, pamene munthu wamkulu amafunika pafupifupi mamiligalamu 1,000 pa tsiku. Ufawo ukuthandiza, inde. Koma sungalowe m'malo mwa kapenta wodyedwa ndi minga yake, nyemba, nsinjiro, bonongwe, chibwabwa, luni ndi chisoso. Ndiwo zimene timadya mbale yodzaza zimatipatsa zambiri kuposa ufa wothiridwa ndi kasupuni, ndipo ndikanakonda kuti zimenezi zikhale patsogolo pa mzere wa zopimidwa.

Ubwino wina wa kupima, umene kwa ine ndi waukulu kuposa kuwerenga michere, ndi kugwira poizoni. Mizu imene imakoka zinki imakokanso cadmium. Tsamba limene lamera kapena kuyanikidwa pamalo oipitsidwa limatenga mtovu. Tonse tikudziwa za ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90, koma mpaka lero ana akudwala ndi mtovu wa m'dothi. Kuno kwathu tilibe mgodi wotero, koma tili ndi malo ophwanyira mabatire akale, tili ndi madzala otayako zinyalala kumene bonongwe amakonda kumera monenepa, tili ndi misewu yafumbi. Mtovu suwawa, sununkha, ndipo kuwiritsa sikuuchotsa. Umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Bungwe la WHO linapereka malire akuti mankhwala a zitsamba asapitirire mamiligalamu 10 a mtovu ndi mamiligalamu 0.3 a cadmium pa kilogalamu imodzi. Sing'anga wodziwa ntchito yake, ngakhale atakhala ndi zaka makumi asanu pa ntchitoyo, sangaone mtovu ndi maso. Apa makina sakupikisana naye, akumuteteza iyeyo ndi odwala ake.

Ngakhale zili choncho, laser ili ndi malire ake, ndipo ndiwanene momveka. Choyamba, makinawa sangapereke nambala yolondola ngati sanaphunzitsidwe. Pamafunika kuyamba mwapima masamba ambiri ndi njira yakale ija ya asidi, n'kufananiza ndi zimene laser yaona, mtundu uliwonse wa tsamba pawokha, chifukwa tsamba lolimba la gwafa siliphulika mofanana ndi lofewa la chammwamba. Chinyezi chimasokoneza, ufa wosaperedwa bwino umasokonezanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiwiri, zinthu zimene zimapezeka pang'ono kwambiri, monga seleniyamu, kapena cadmium pa mlingo wa 0.3 uja, laser wamba imavutika kuziona. Ikakayikitsa, chitsanzocho chipite ku labotale yaikulu. Chachitatu, laser siisiyanitsa ayironi wa m'kati mwa tsamba ndi ayironi wa fumbi limene lamatirira pamwamba. Dothi lathu lofiirali n'lofiira chifukwa cha ayironi. Tsamba loyanikidwa pansi pabwalo m'mwezi wa Okutobala lingaonetse nambala yaikulu yosangalatsa, pamene mbali yaikulu ndi dothi. Akatswiri a zakudya anaziona kale zimenezi m'zakudya za ku Malawi.

Chachinayi ndiye chachikulu, ndipo pano ndikupempha mutchere khutu bwino. Laser imauza za michere ya m'tsamba. Siingauze ngati tsambalo limachiritsa. Chifukwa chake chili m'kagwiridwe kake ka ntchito. Moto wa madigiri 10,000 uja umaphwanya chilichonse, pamene mphamvu yochiritsa ya zomera zambiri ili m'kamangidwe ka zinthu, mmene zagwiranirana. Tengani artemisinin, gwero la amodzi mwa mankhwala amene ali m'kati mwa Coartem amene timalandira kuchipatala tikadwala malungo. Anachokera ku chitsamba cha Artemisia annua, anatulukiridwa ku China kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyi. Artemisinin amapangidwa ndi zinthu zitatu zokha, carbon, hydrogen ndi oxygen. Shuga amene mumathira mu tiyi amapangidwanso ndi zitatu zomwezo. Mukaziwombera ndi laser muona timizere ta zinthu zofanana, koma china chimapha tizilombo ta malungo, china chimangotsekemera. Chimodzimodzinso poizoni wa m'masamba a chinangwa chowawa, amene amayi amamuchotsa posinja ndi kuwiritsa nthawi yaitali. Laser siingakuchenjezeni za iye.

Ndiponso kukhala ndi michere m'tsamba n'kwina, kuti thupi liilandire n'kwinanso. M'masamba ena kashiamu amamangika ndi oxalate n'kutuluka osalowa m'magazi. Tiyi wakuda womwera pa chakudya amachepetsa ayironi amene thupi likanatenga, pamene ndimu kapena malambe zimathandiza kuti alowe. Zonsezi makina aja saziona.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi malipoti ena amene, akapeza maginiziyamu ndi zinki m'tsamba, amathamangira kunena kuti ndiye chifukwa chake tsambalo limatsitsa shuga. Maginiziyamu ali pakatikati pa chinthu chimene chimabiriwitsa tsamba lililonse, ngakhale udzu wa m'mbali mwa njira uli naye. Zambiri mwa zoyesa za shuga zija zinachitika pa makoswe a mu labotale, ndipo kuchokera pa khoswe kufika pa agogo a ku Mtenguleni pali mtunda wautali. Ndikuopa tsiku limene pa paketi padzalembedwe kuti ufawu wapimidwa ndi laser, wogula n'kumva ngati akuti watsimikizika kuti umachiritsa, n'kusiya mapiritsi ake a shuga, a BP kapena ma ARV. Umboni wa kuchiritsa umabwera poyesa pa anthu odwala, mosamala, motsatira malamulo, ndipo bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, lilipo pa ntchito yoteteza anthu pa zimenezi. Ngakhale pa Artemisia yemwe uja, WHO imaletsa kumwa masamba ake ngati tiyi pochiza malungo, chifukwa mlingo wa mankhwala m'masamba umasinthasintha, ndipo mlingo wochepa umalimbitsa tizilombo m'malo motipha.

Tsono ine ndikupempha chiyani? Kunja pang'ono kwa mzinda wathu kuli Msekera, malo a kafukufuku wa zaulimi a ZARI. Anthu akumeneko si alendo pa nkhani ya masamba ndi nthaka. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi bungwe la ICRAF, anayesa mitengo yobwezera chonde m'nthaka, monga Sesbania, Tephrosia ndi Gliricidia, ndipo alimi masauzande a chigawo chino anaitenga. Amadziwa dothi la boma lililonse kuno, amadziwa kutola zitsanzo, amadziwa kulankhula ndi alimi. Malo otere, atagwirizana ndi a physics ndi chemistry a ku yunivesite ya UNZA, ndi a bungwe la kafukufuku wa sayansi la NISIR, ndi asing'anga a m'bungwe la THPAZ, angathe kuyamba ntchito yooneka. Asankhe masamba ochepa amene anthu amagwiritsa ntchito kwambiri, mwina khumi. Atole kuchokera m'maboma onse a chigawo chino, nthawi ya dzinja ndi ya chilimwe, otsuka ndi osatsuka, a m'munda ndi a pamsika. Apime ndi njira zonse ziwiri. Zotsatira zisakathere m'kabati ku Lusaka, zibwere pa wailesi m'chilankhulo chathu, zikafike kwa alangizi a zaulimi ndi ku sikelo ya ana. Makinawa ndi okwera mtengo pogula, sindikubisa, koma akagulidwa, kupima chitsanzo chimodzi sikudya ndalama zambiri, ndipo makina omwewo angapimenso masamba a chimanga, mtedza ndi soya kuti mlimi adziwe feteleza amene munda wake ukufuna.

Asing'anga alowe m'ntchitoyi ngati eni ake, osati ngati ongotumidwa kukathyola masamba. Iwo ndi amene amadziwa kuti mtengo uwu umathyoledwa nyengo yanji, tsamba lanthete kapena lokhwima, ndipo nzeru imeneyo imasintha zimene makina adzaone. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zachilengedwe zathu. Wofufuza aliyense amene akubwera m'mudzi ayambe kwa amfumu, afotokoze chimene akufuna, alembe pangano, ndipo abwerenso kudzanena zimene wapeza.

Pamene tikudikira zimenezo, pali zimene tingachite mawa lomwe popanda laser. Inu amene mumakonza ufa wa masamba, musathyole m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi dzala kapena pa garaja. Tsukani masamba ndi madzi oyera, yanikani pa thandala pamthunzi, osati pansi, ndipo sungani m'chotengera chotseka bwino kuti asachite nkhungu. Pa paketi lembani dzina la mtengo, mudzi umene wachokera ndi mwezi umene munathyola, chifukwa tsiku limene opima adzafike, zimenezi ndi zimene adzayambe kufunsa. Ndipo inu amene muli pa mankhwala a kuchipatala koma mukumwanso masamba, musabise. Tengani kapaketiko, pitani nako kwa a dokotala kapena a nesi pa tsiku lanu la kiliniki, muwaonetse ndi kuwauza kuchuluka kwa umene mumamwa pa tsiku, chifukwa masamba ena amasintha mphamvu ya mapiritsi m'thupi.